Ku Michigan musadikire kuti wapolisi akufunseni za mfutiyo

Achimwene, mwafunsa zoyenera kuchita wapolisi akakuimitsani pamsewu mutanyamula mfuti kuno ku America. Zimene ena akukuuzani zoti "khalani chete mpaka wapolisi afunse yekha" ndi za ku Indiana zimenezo. Inu mwanena kuti Sabata lililonse mumachoka ku South Bend, Indiana, kupita ku tchalitchi ku Berrien Springs, Michigan. Mukangodutsa malire pa msewu wa US-31 paja, lamulo ndi lina. Ku Michigan munthu wa CPL (chiphaso chonyamulira mfuti yobisa) amene wanyamula mfuti, kaya ili m'chiuno kaya m'galimoto, akaimitsidwa ayenera kuulula nthawi yomweyo. Osati akamaliza kupereka laisensi, osati akafunsidwa, ayi. Ine zimenezi zinandigwaditsa m'chipale.

Unali usiku, nyengo yozizira, ndikuchokera ku shifiti, nditavala tizovala tathu topyapyala ta ku ntchito tija. Magetsi ofiira ndi abuluu kumbuyo. Ndinaima bwinobwino, ndinatsitsa galasi. Wapolisi wake, mnyamata, anabwera ndi tochi kumaso kwanga, pakamwa pake posapuma: ukudziwa chimene ndakuimitsira, getsi la pa nambala lazima, ukuchokera kuti, wamwa, bweretsa laisensi ndi inshuwalansi. Ndinayamba kunena kuti "Bwana, ndili ndi..." iye n'kukweza dzanja, akuti mapepala kaye. Ife tinaleredwa kuti munthu wa boma akamayankhula sumudula mawu. Ndinamupatsa mapepalawo, ndisanatsegulenso pakamwa anali atatembenuka kale akupita ku galimoto yake.

Ndinakhala pamenepo manja ali pa chiwongolero, mtima ukugunda mpaka m'makutu, chifukwa ndinkadziwa kuti akangolowetsa laisensi yanga mu kompyuta, CPL iwonekera. Posakhalitsa ndinaona galimoto yachiwiri ikuima. Kenako kukuwa. Manja panja pa windo! Tsegula chitseko ndi chogwirira cha kunja! Yenda chambuyo! Gwada! Maondo analowa m'madzi achipale osakanizika ndi mchere wa mumsewu, thalauza lonse kunyowa. Unyolo unali wozizira ngati wachokera mufiriji, ndipo anaumanga mothina moti chala chachikulu chinachita dzanzi. Winayo anandipisa pa lamba, n'kusolola mfuti, n'kuchotsa zipolopolo n'kumaziika chimodzichimodzi pa boneti ya galimoto yanga, ndikumva kaphokoso kake. Foni yanga inali pa mpando, ikulira osaleka, amayi akunyumba akufuna kudziwa ngati ndayandikira kuti atenthetse ndiwo. Magalimoto odutsa akuchepetsa liwiro kuti aone chigawenga chagwidwacho. Ndipo funso loyamba atandimanga silinali la mfuti n'komwe. Akuti kwanu n'kuti, uli ndi mapepala okhalira muno?

Mpaka lero ndikakumbukira mnyamata ameneyo ndimapsa mtima. Ndi iyeyo anandidula mawu ndi dzanja lake, kenako n'kulemba pa tikiti kuti sindinaulule. Ku khoti vidiyo ya kamera ya pachifuwa pake inaonetsa poyera ndikuyamba kuyankhula, koma woweruza anati mawu osamalizika si kuulula. Basi. Chindapusa $500, CPL kuimitsidwa miyezi 6, ndi momwe lamulo lawo limanenera pa ulendo woyamba. Ukabwereza pasanathe zaka 3 ndi $1,000 ndipo chiphasocho amalanda. Winanso amene ndimamuda ndi mphunzitsi wa kalasi ya CPL. Kalasiyo ndi ya maola 8, tinamulipira ndalama zathu, koma nthawi yambiri anathera pa kutitsatsa inshuwalansi ya eni mfuti. Zoti wapolisi akhoza kukutseka pakamwa kenako mlandu n'kukhala wako, sananene ngakhale kamodzi.

Komanso musaganize kuti kuulula ndiye chitetezo. Philando Castile, bambo wakuda wa konkuno, pa 6 July 2016 ku Falcon Heights, Minnesota, anali ndi chiphaso chake, ndipo anamuuza wapolisi mwaulemu kuti ali ndi mfuti, pomwe lamulo la kumeneko limangofuna kuti unene ukafunsidwa. Patangopita masekondi ochepa wapolisiyo, Jeronimo Yanez, anawombera kasanu ndi kawiri n'kumupha, chibwenzi cha Castile chili pambali, kamwana ka zaka 4 kali kumpando wakumbuyo. Mu 2017 khoti linapeza wapolisiyo wosalakwa. Nditagwada usiku uja nkhope imene inkandibwerera ndi ya bamboyo. Wapolisi anali atamuuza kuti atulutse laisensi, dzanja likupita ku thumba, zinathera pomwepo. Khungu lathuli mukulidziwa, sindikufunika kufotokoza.

Tsono inu vuto lanu ndi lalikulu kuposa langa. Kuyambira pa 1 July 2022 ku Indiana munthu amatha kunyamula popanda chiphaso, ndiye ambiri anasiya kukatenga. Michigan zimenezo sazidziwa. Iwo amalemekeza chiphaso chenicheni chochokera ku state imene mumakhala. Mukalowa ndi mfuti yodzaza m'galimoto mulibe chiphaso cha Indiana, imeneyo si tikiti ngati yangayi, ndi felony, mlandu waukulu, ndende mpaka zaka 5. Ndipo ngati muli pa green card, kupezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti kumatha kukubwezetsani kumudzi. Ana asukulu amene muli pa viza ya F-1 mukuwerenga mwakachetechetenu, lamulo la federal silikulolani kukhala ndi mfuti kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama, ndiye musatengeke ndi anzanu obadwira konkuno. Amene mapepala anatha, musayandikire n'komwe. Ku Ohio anasintha mu June 2022, kumeneko umanena ukafunsidwa. State iliyonse ili ndi zake, ndipo wapolisi sakumverani chisoni chifukwa choti munazolowera za kwanu.

Akakuimitsani, zimitsani injini, yatsani getsi la m'kati, tsitsani magalasi, manja onse pa chiwongolero pamene iye akuwaona. Osayamba kufufuza mapepala m'madilowa akubwera, kuchokera kumbuyo amangoona munthu akuwerama. Akangofika, mawu oyamba akhale oti muli ndi chiphaso ndipo mwanyamula, ili pakutipakuti. Ngakhale akhale ali pakati pa chiganizo, mduleni. Ulemu wa kwathu uja usiyeni kaye, malizani mawu anu mokweza kuti kamera imve. Kenako mufunseni kuti mutani, ndipo dzanja lisasunthe mpaka anene. Ngati chikwama cha ndalama chili mbali imodzi ndi mfuti, muuzeni musanachigwire. CPL ndi laisensi zikhale pa inu nthawi zonse, kuiwala kokha kuli ndi chindapusa chake. Mowa ayi, ku Michigan malire a munthu wonyamula ndi 0.02, botolo limodzi pa braai likhoza kukukwanirani.

Koma mukamaliza kuulula, musalimbane naye, chonde. Musamuphunzitse lamulo, musakweze mawu, akakuuzani khalani chete khalani chete, zokangana mukakangane ku khoti muli ndi loya. Ine ndinapita ndekha poganiza kuti vidiyo indiyankhulira.

Ndipo kunena zoona, achimwene, ulendo wa ku tchalitchiwo ingoisiyani kunyumba mu sefu. Ku Michigan saloleza kulowa ndi mfuti yobisa m'nyumba yopemphereramo pokhapokha atsogoleri a mpingowo atavomereza, salolezanso m'sukulu, m'chipatala, m'mabala ndi m'makalasi a ku koleji. Ndiye mukafika mukaisiya m'galimoto panja tsiku lonse mpaka dzuwa kulowa, mwainyamuliranji? Yanga anandibwezera, chiphaso chinabwerera, ndipo ndimayenda nayo, inde. Koma ine ndimaweruka pakati pa usiku.