Zilembo zikamaoneka mbuu pa monita yatsopano

Mayi wina wandilembera imelo: "Kuofesi atigulira monita yopyapyala ya mainchesi 24. Zilembo zinali zing'onozing'ono, ndiye ndinatsitsa resolution kuchoka pa 1920x1080 kufika pa 1280x720. Zakula ndithu, koma zikuoneka mbuu ndipo maso akundiwawa. Kodi monitayi ndi yowonongeka?"

Ayi mayi, monita yanu ilibe vuto. Ibwezereni pa 1920x1080 pomwepo.

Sikirini ya LCD, monga ya monita yopyapyala yanuyo, ili ngati tsamba la kope la masamu: timabokosi take n'tokhazikika, sitichuluka, sitichepa. Yanuyo ili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika, ndipo ndiyo amati native resolution. Mukaikakamiza 1280x720, kadontho kalikonse ka chithunzi kamafuna malo a kadontho kamodzi ndi theka. Koma theka la kadontho silingayake palokha, choncho monita imangosakaniza chakuda ndi choyera n'kutulutsa chotuwa. Pa chithunzi cha munthu simungazindikire msanga. Zilembo ndiye sizibisa: mwendo wa l kapena t nthawi zambiri umangokhala kadontho kamodzi kapena tiwiri m'lifupi, ukatuwa m'mphepete, tsamba lonse limaoneka mwachimbuuzi. Mamonita akale achimsana aja, a CRT, analibe timadontho tokhazikika motere, n'chifukwa chake anthu anazolowera kutsitsa resolution maso akatopa. Chizolowezi chimenecho pano chimangowononga.

Chofunika inu ndi Scale, yomwe imakulitsa zinthu pa sikirini osasintha resolution. Pa Windows lowani mu Settings, kenako System, kenako Display, musankhe 125%, ikachepa 150%. Pamenepo kompyuta imajambula chilembo chilichonse mwatsopano ndi timadontho tochuluka, ndiye chimakula koma m'mphepete muli mwakuthwa. Mapulogalamu ena akalekale sagwirizana nazo, amatuwabe, koma Word ndi Chrome zilibe vuto.

Mukatero lembani ClearType, chida cha Windows chosalazira zilembo, pa bokosi lofufuzira la Start, musankhe zitsanzo zomwe zikukukomerani m'maso. Kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, ndipo ClearType imayatsa tizigawoti patokhapatokha kuti isalaze zilembo. Imagwira bwino pokhapokha monita ili pa native resolution.

Simunanene za chingwe. Ngati ndi cha VGA, cha mutu wabuluu wokhala ndi zomangira ziwiri chija, dinani batani la Auto pa monita kuti chithunzi chikhazikike, koma mukapeza chingwe chamakono cha HDMI, sinthani lero lomwe.