Chimene chakwinyitsa mbale yanu ya urushi

Achimwene, mwafunsa chimene chakwinyitsa chithunzi cha thambo la nyenyezi chomwe mukujambula pambale yanu ndi ufa wa siliva ndi urushi, utomoni wa mtengo wopaka ngati vanishi. Ufa wa siliva ulibe mlandu. Mwapaka urushi wochindikala kwambiri, n'chifukwa chake thambo lakuda pambale yanuyo lachita makwinya. Dikirani ulimbe ndithu, mukhule ndi makala ofewa onyowetsa, kenako mupakenso mopyapyala, kamodzi patsiku basi.

Utomoni wa ku Japan umenewu suuma ndi mphepo ngati vanishi, umalimba ndi chinyezi. Ikani mbaleyo m'bokosi lamatabwa lotseka bwino, momwe muli nsalu yonyowa. Chinyezi chikhale 70 mpaka 80 peresenti, kutentha madigiri 20 mpaka 28. Chinyezi chikapitirira, pamwamba pamayamba kulimba pansi pakadali pofewa.

Nyenyezi zibwere pomalizira. Wazani ufawo urushi ukadali womata, pogogoda ndi chala kansungwi kokhala ndi sefa kumapeto. Musadzaze paliponse, mdima ndi umene umawalitsa nyenyezi. Tizidutswa titatu kapena tinayi ta chigoba cha abalone (nkhono ya m'nyanja yamchere) n'tokwanira pa nyenyezi zikuluzikulu. Phimbani ndi urushi wina, ukalimba mukhule pang'onopang'ono mpaka zitatulukira.

Valani magolovesi, chifukwa urushi wosauma umayabwa koopsa. Ukakudontherani, pukutani ndi mafuta ophikira musanasambe ndi sopo. Nkhope kapena maso zikatupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.