Kalabu yanu isakapemphe kwa andale: yankho kwa wophunzira wa ku Mwansambo

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa ku Mwansambo yemwe ali m'chaka chachitatu ku yunivesite, ndipo ndi msungichuma wa kalabu ya ophunzira ochokera kuno ku Nkhotakota. Iye ndi anzake akufuna kuti pa tchuthi azidzaphunzitsa masamu ndi sayansi m'sukulu za sekondale zoyendera, koma bungwe la ophunzira, lomwe ambiri amangoti yuniyoni, silinawapatse ngakhale tambala. Akufunsa ngati ndi bwino kuti aleke kudikira yuniyoni n'kulandira thandizo la munthu wina wandale amene walonjeza kuwalipirira minibasi.

Achemwali, kalata yanu yandikhudza kwambiri, chifukwa pamene ndinali ku koleji ife tinali ndi gulu longa lanulo. Tinkasonkha ndalama zomwe tinkadzimana pa chakudya, n'kukwera basi mu msewu wa M5 kubwera kumudzi ndi choko komanso mapepala a mayeso akale a MSCE. Sukulu yomwe tinkakonda kupitako inali kufupi ndi nyanja ya Chia, kumene anyamata ambiri ankachezera usiku pamadzi ndi nyali kupha usipa, ndipo m'mawa ankalowa m'kalasi maso ali ofiira ndi tulo. Ana amenewo anali asanaonepo munthu wa m'dera lawo amene anafika ku yunivesite, moti ankatifunsa ngati ndi zoona kuti mwana wa msodzi angathe kusankhidwa. Titalembera yuniyoni kupempha ndalama ya ulendo, tinauzidwa kuti thumba lauma, komabe m'chigawo chomwecho cha maphunziro atsogoleri anabwereka zokuzira mawu ndi kuitana oimba ku chisangalalo cha kumapeto kwa sabata, ndipo ankapatsana maalawansi pa msonkhano uliwonse umene ankakhala.

Ife titamaliza maphunziro, atsogoleri amene anatsala ndi gululo anatopa ndi kupempha, choncho analandira ndalama kwa munthu wina amene ankafuna uphungu. Ndalamazo zinabwera pamodzi ndi malaya okhala ndi nkhope yake. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija atawaona, anawabweza pachipata, ndipo sanalakwe, pakuti sukulu ya boma si bwalo la kampeni. Mamembala amene ankatsatira zipani zina anachoka mmodzimmodzi, ndipo chisankho chitadutsa munthu uja sanayankhenso foni. Gulu linathera pomwepo, ana a ku Chia n'kutsala opanda owayendera.

N'chifukwa chake ndikukuuzani mosabisa kuti ndalama ya wandaleyo musailandire. Ndikukanizaninso maganizo akuti yuniyoni ikamathandiza kalabu ndiye kuti yachita chifundo. Chuma cha yuniyoni chimachokera ku ndalama ya umembala imene ophunzira amalipira, ndipo ndalamayo ndi ya mpunga ndi chinangwa chomwe makolo anu agulitsa. Ophunzira ambiri akuphunzira ndi ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo ngongoleyo adzaibweza akadzayamba ntchito. Mtsogoleri amene amawononga chuma chotere pa zisangalalo za usiku umodzi, pamene makalabu ogwira ntchito yooneka akusowa ya basi, akudya thukuta la amphawi, ndipo ayenera kufunsidwa pamaso pa anthu amene anamusankha.

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti mbiri ya ophunzira m'dziko muno ndi yolemekezeka. Ku Chancellor College, yomwe inadzasamukira ku Zomba mu 1973, gulu la Writers Group linayamba mu 1970, ndipo linali malo amene achinyamata ankawerengerana ndakatulo ndi kukambirana za dziko pa nthawi imene kulankhula momasuka kunali koopsa. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkatuluka m'koleji kukaonetsa masewero kwa anthu wamba. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma la nthawiyo mu Malichi 1992, ophunzira a ku Zomba anayenda mumsewu kuivomereza, ndipo chaka chotsatira Amalawi anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 kusankha ulamuliro wa zipani zambiri. Kulimba mtima kotero kumaphunziridwa m'timagulu ting'onoting'ono, mmene munthu amazolowera kutsutsana ndi anzake mwaulemu, kulemba maminitsi ndi kusunga ndalama za gulu osazikhudza. Yuniyoni imene imanyoza makalabu ikudula nthambi yomwe yakhalira. Lero ambiri amapikisana pa mipando ya yuniyoni ali kale ndi zipani kumbuyo kwawo, ndipo n'chifukwa chake kalabu yopanda phokoso ngati yanu saiwerengera.

Zoti muchite

Yambani ndi kuwerenga malamulo oyendetsera yuniyoni ya sukulu yanu, chifukwa malamulowa safanana. Kuchokera mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, sukulu iliyonse ili ndi yuniyoni yakeyake, monganso LUANAR, MUST ndi Mzuzu University. Onetsetsani kuti kalabu yanu inalembetsedwa ku yuniyoni ndiponso ku ofesi ya Dean of Students (mkulu woona za ophunzira), ili ndi malamulo ake olembedwa, mndandanda wa mamembala, komanso mphunzitsi mmodzi amene wavomera kukhala mlangizi wanu. Perekani bajeti kumayambiriro kwa chigawo cha maphunziro, thumba lisanagawidwe, yosonyeza mtengo wa ulendo, choko ndi mapepala, ndipo muphatikizepo kalata za aphunzitsi akulu a sukulu zomwe zakuitanani. Sungani kope ya kalata iliyonse ili ndi chidindo. Akapanda kuyankha, gwirizanani ndi makalabu ena kuti pa msonkhano waukulu wa ophunzira mukafunse lipoti la zachuma ndi kupempha kuti gawo la makalabu lilembedwe mu bajeti. Pa tchuthi chikubwerachi, lemberani amene anaphunzira kale ochokera m'boma lino, omwe akugwira ntchito ku Dwangwa, ku boma ndi ku Lilongwe, ndipo aliyense amene wapereka mumutumizire lisiti ndi lipoti la sukulu zomwe mwafikako.