Ku Prague pa basi: tulo musaumire

Mchemwali wina amene akuphunzira ku Berlin, ku Germany, wanditumizira imelo. Akufuna kukaona mzinda wa Prague, likulu la dziko la Czechia, kumathero a sabata, koma m'thumba simuli bwino. Ndiye waganiza zokwera basi ya usiku Lachisanu kuti asalipire malo ogona tsikulo, kenako agone kamodzi kokha ku hositelo yotchipitsitsa imene wapeza. Akufunsa ngati nzeru imeneyi ili bwino.

Mchemwali, ulendowo pitani ndithu, koma ya usikuyo isiyeni. Kuchoka ku Berlin kukafika ku Prague, kudzera ku Dresden, ndi maola 4 ndi theka kapena 5. Mukanyamuka pakati pa usiku, mukatsika pa siteshoni ya Florenc kusanache, khosi lili gwa, ndipo kuhositelo bedi sapereka mpaka cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Chikwama akusungirani, inde, koma Loweruka lonse mukhalira kuyasamula. Masiku muli nawo ndi awiri okha. Limodzi likathera kusinza pabenchi, ndalama mwasungayo yakupindulirani chiyani? Kwerani ya Lachisanu madzulo mukaweruka, mulipire masiku awiri. Tikiti mukagula kudakali masabata angapo imakhala yotsika mtengo, ndipo ndalama zina mupulumutsira pamenepo.

Tsono hositelo. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika ndi mtengo. Choyamba onani pamapu kuti ili pati. Ya ku dera la Vinohrady kapena la Žižkov ili bwino, chifukwa pakati pa mzinda mufika msanga pa tramu (kasitima kamagetsi koyenda m'misewu ya mumzinda), mwinanso wapansi. Kenako werengani ndemanga za anthu amene anagonamo posachedwa, makamaka odandaulawo. Atatu akatchula nsikidzi kapena phokoso la bala ya pansi, khulupirirani. Chipinda cha anthu 4 kapena 6 chimakwererako pang'ono poyerekeza ndi cha anthu 12, koma m'chachikulucho chitseko sichipuma usiku wonse: uyu akubwera kokasangalala, uyo alamu yalira akuthamangira ndege, winayo akufwanthula majumbo mumdima. Mahositelo ambiri ali ndi zipinda za akazi okhaokha, ndipo inu poti muli nokha, ndingakonde mutatenga chimenecho. Funsaninso ngati pofikira alendo pamakhala munthu usiku wonse, chifukwa basi ikachedwa mudzafuna wokutsegulirani.

Tengani loko wanu wa lokala (kabati yosungiramo katundu), tawulo, patapata wosambira ndi totsekera m'makutu. Zovala za mawa tulutsiranitu kuli kowala kuti musadzutse anzanu.

Pasipoti ndi khadi la chilolezo chokhala ku Germany zikhale pathupi panu, osati m'chikwama cholowa kunsi kwa basi. Dziko la Czechia lili m'dera la Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya amene nthawi zambiri saona mapepala pamalire a pakati pawo) kuyambira 2007, komabe kuyambira mu Okutobala 2023 apolisi a Germany anayambanso kuona mapepala pamalire amenewa, ndipo amatha kukwera m'basi momwemo. Khadi lokha popanda pasipoti silokwanira.

Kumeneko ndalama yawo ndi koruna, osati yuro. Makina otapira ndalama akakufunsani ngati akuwerengereni mu yuro, kanani, sankhani koruna, poti kusintha kwawoko kumadya zambiri. Tikiti ya tramu ya pepala muidinditse m'kamakina kachikasu mukangokwera, apo ayi mulipira chindapusa ngakhale munagula.

Zoona zisachuluke. Mlatho wa Charles, umene anayamba kumanga mu 1357, mupiteko Loweruka m'mamawa dzuwa likungotuluka. Ikamakwana 10 koloko pamakhala podzaza moti ziboliboli za m'mbali mwake simuziona bwino, mumangoona mitu ndi mafoni. Ichi n'chifukwa china chomwe ndikukakamira kuti mugone Lachisanu: munthu wopuma yekha ndi amene angadzuke nthawi imeneyo. Wotchi yotchuka ya ku Old Town Square ndi ya mu 1410. Ola likakwana tizifaniziro ta atumwi timadutsa pa timazenera tiwiri, kanthawi kochepa chabe, ndiye musataye theka la ola mukudikira. Masana kwerani tramu nambala 22 ikakusiyeni kumtunda kufupi ndi nyumba yachifumu ya Prague Castle, mutsike wapansi kudzera ku dera lakale la Malá Strana.

Pobwerera tengani basi ya Lamlungu cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana, ndipo mufike pa Florenc kudakali mphindi 20, chifukwa pokwerera mpambiri ndipo dalaivala sadikira munthu.