Funsani Azaumoyo: N'chifukwa chiyani khansa ya chiwindi imadziwika mochedwa?

Funso: Mchimwene wanga wapezeka ndi khansa ya chiwindi ndipo akuti ili pa siteji 4. Ku wodi ndidaonako enanso a vuto lomweli, onse mimba zitatupa. Kodi matendawa achuluka kuno ku Mzuzu? Mayi wa ku Chibavi

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Zimene mudaona n'zoona, koma wodi si muyeso wa mzinda. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba, ndipo amene amatumizidwa kuno ndi aja matenda awafika povuta. Kuti tinene kuti matenda achuluka, timawerenga amene apezeka nawo kumene m'chaka chimodzi, pa anthu 100,000 alionse okhala m'deralo. Mukamva chiwerengero, funsani ngati chili cha chipatala kapena cha dera, komanso cha zaka ziti.

Kaundula wa khansa m'dziko muno, Malawi National Cancer Registry, ali ku Blantyre, ndipo amawerenga mokwanira anthu a ku Blantyre komweko. Khansa ya chiwindi imathawa kaundula mosavuta: ambiri amamwalira kunyumba asanatengedwe kanyama kokapima. Mbali inayi, khansa ya m'mimba, ya m'matumbo kapena ya m'mawere imatha kufalikira kuchiwindi, ndipo imeneyo si khansa ya chiwindi ngakhale sikani ionetse zotupa pamenepo.

Koma kuti ambiri amapezeka mochedwa, apo palibe chokayikitsa. Chiwindi chimagwirabe ntchito ngakhale mbali yake yaikulu itaonongeka, ndipo m'kati mwake simumva kupweteka. Ululu wa kunsi kwa nthiti za kumanja umayamba chotupa chikakula n'kukoka kachikopa kokuta chiwindicho. Kuonda, kukhuta msanga, madzi m'mimba ndi maso achikasu zimabwera matenda atapita kale patali. Siteji 4 ndiye kuti khansa yadutsa chiwindi n'kufika kwina, monga kumapapo kapena kumafupa.

Chithandizo chilipobe. Pemphani kuonana ndi a chisamaliro chochepetsa ululu. Morphine wamadzi amamwedwa maola 4 alionse, osadikira kuti ululu uyambe, ndipo amaumitsa m'mimba, choncho pemphaninso mankhwala ofewetsa chimbudzi. Madzi a m'mimba amapopedwa kuti wodwala apume bwino. Ibuprofen ndi diclofenac musawapatse popanda dokotala, chifukwa angayambitse kutaya magazi ndi kuononga impso. Chimodzimodzi zitsamba zotchedwa zotsuka chiwindi.

Funso: Mayi athu ndi mlongo wathu onse adamwalira ndi matenda a chiwindi. Kodi ndi zakumtundu? Tingadziteteze bwanji? Bambo wa ku Luwinga

Yankho: Bambo, banja lonse mukayezetse hepatitis B mwezi uno. Kachirombo kameneka ndi kamene kamayambitsa khansa ya chiwindi kwambiri kuno ku Africa, ndipo kamayenda m'banja chifukwa ambiri amakatenga pobadwa kapena ali aang'ono. Mwa makanda 10 otenga kachiromboka, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, pamene mwa akuluakulu safika 5 pa 100. Kamadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka makumi, n'chifukwa chake kuno timaona khansayi mwa anthu a zaka 30 ndi 40.

Dzina la kupimako ndi HBsAg. Amatenga magazi pang'ono basi. Akapanda kukapeza, funsani za katemera, amene amabayidwa katatu. Akakapeza, pamafunika kupimanso magazi kuti aone mmene chiwindi chikugwirira ntchito, ndi sikani ya pamimba. Si onse amayamba mankhwala nthawi yomweyo, koma amene akufunika amapatsidwa tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Amene ali pa ma ARV a TLD akumwa kale tenofovir, ndipo akasiya mwadzidzidzi kachirombo kamadzuka mwaukali n'kutupitsa chiwindi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: akauzidwa kuti sikani ili bwino, amasunga buku la kuchipatala osabwereranso. Munthu wa hepatitis B amene m'banja mwake mudakhalapo khansa ya chiwindi, kapena amene chiwindi chake chidauma, ayenera kupanga sikani miyezi 6 iliyonse, ndi kupima magazi kotchedwa AFP kumene kulipo. Chotupa chikapezeka chili chaching'ono, chosaposa masentimita 2 kapena 3, opaleshoni imatheka. Mowa, kaya wa m'botolo kaya kachasu, ausiyiretu.

Katemera wa hepatitis B adalowa m'ndondomeko ya kusikelo ya ana m'Malawi mu 2002, ndipo amabayidwa pa masabata 6, 10 ndi 14. Obadwa chakacho chisanafike ambiri sadabayidwe. Amayi oyembekezera ayezetse, chifukwa bungwe la WHO limalangiza kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwire. Pemphaninso kupima hepatitis C, amene amachira ndi mapiritsi a masabata 12.

Funso: Agogo athu maso achita chikasu, thupi likuyabwa, koma malungo sadawapeze. Anzathu akuti ndi nsomba za ku Nkhata Bay. Mtsikana wa ku Zolozolo

Yankho: Nsombazo zilibe mlandu. Tinyongolotsi toyambitsa khansa ya njira za ndulu timapezeka mu nsomba zodyedwa zosaphika ku Thailand ndi maiko oyandikana nalo. Koma chemwali, taonani chimbudzi ndi mikodzo ya agogowo. Chimbudzi chikatuwa, mikodzo n'kudera kwambiri, ndiye kuti ndulu yatsekeka panjira. Chotseka chingakhale mwala wa m'ndulu, khansa ya njira za ndulu kapena ya kapamba (pancreas), ndipo sikani ndiyo poyambira. Pitani nawo sabata ino. Akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, pitani tsiku lomwelo.

Funso: Kodi chuku chimabweretsadi khansa? Tikakazinga mtedza sichifa? Mlimi wa ku Ekwendeni

Yankho: Poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi chiopsezo chimakwera kowirikiza. Kuno kumatisautsa chifukwa mvula imachedwa kusiya ndipo chinyezi sichichoka msanga. Yanikani chimanga ndi mtedza pa lona kapena pathandala, osati padothi. Chimanga chiume kufika chinyezi cha 13 pa 100: ikani maso ake ochepa m'botolo louma pamodzi ndi mchere, khutchumulani, ndipo mchere ukamatirira m'mbali ndiye kuti sichinaume. Musawaze mtedza madzi kuti usendeke mosavuta. Matumba akhale pamitengo, osakhudza khoma.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mtedza wosankhidwa uja. Wabwino umapita kumsika, wofota, wosweka ndi wowawa umasinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'phala la mwana. Umenewo ndiwo uli ndi poizoni wambiri. Ukwirireni, ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, chifukwa poizoniyo amadutsa n'kulowa mumkaka.