Mapulaneti anga akuthawa dzuwa, kodi foni yawonongeka?

Funso: Achimwene, ndimagwira ntchito yaulonda ku Rosettenville mu Johannesburg, ndipo usiku zinthu zikakhala zii ndimaphunzira JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Ndapanga kagemu kosewera pa Chrome: dzuwa pakati, mapulaneti atatu akulizungulira. Pa laputopu amayamba bwino, koma amanka natalikira mpaka kutuluka pa sikirini. Pa foni yanga yatsopano amathamanga ngati awona njoka, foniyo n'kumatentha. Ndibwere nayo muione?

Yankho: Ndalama ya takisiyo muguleko ufa, achimwene. Foni yanu ili bwinobwino, vuto lili mu code.

Za kuthamangazo n'zosavuta. Ndikukhulupirira mukugwiritsa ntchito requestAnimationFrame, lamulo la JavaScript louza Chrome kuti ijambule chithunzi chotsatira. Iyo imatsatira sikirini: malaputopu ambiri amajambula chithunzi ka 60 pa sekondi, pomwe mafoni ambiri atsopano amafika ka 90 kapena ka 120. Ngati pulaneti yanu imasuntha mtunda womwewo pa chithunzi chilichonse, pa foni ya 120 liwiro limawirikiza kawiri. Muziyeza nthawi imene yadutsa, n'kumaidula m'tizidutswa tofanana, titi 1/120 ya sekondi. Muikenso malire. Mukapita pa WhatsApp gemuyo imaima, ndiye pobwerera imawerenga masekondi onsewo ngati sitepe imodzi n'kuponya pulaneti kutali.

Kutalikira kwa pa laputopu ndiye nkhani yokoma.

Lamulo limene Isaac Newton anasindikiza mu 1687 limati mphamvu yokoka imadalira kulemera kwa zinthu ziwirizo, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri mphamvuyo imachepa kanayi. Izi mwina munalemba molondola. Koma kompyuta siyenda mokhota, imadumpha timizere towongoka. Tayesani kuzungulira mtengo wa mango: phazi lililonse muziponya molunjika kumene mwayang'ana, mukaponda m'pamene muzikhota. Phazi lililonse likutulutsirani kunja pang'ono, ndipo mukazungulira kakhumi mupezeka muli m'munda mwa eni. Pulaneti yanu ikuchita zomwezo ngati mumayamba kusintha malo ake ndi liwiro lakale, kenako n'kusintha liwiro. Njira imeneyi imatchedwa ndi dzina la katswiri wa masamu Leonhard Euler, ndipo pa zinthu zozungulira imawonjezera mphamvu yabodza sitepe iliyonse.

Mankhwala ake amaseketsa. Ingosinthanitsani mizere iwiri, liwiro liyambe, malo atsatire:

vx += ax * dt;
x += vx * dt;

Apa x ndi malo a pulaneti chopingasa, vx ndi liwiro lake, ax ndi mmene kukoka kwa dzuwa kukusinthira liwirolo, dt ndi kachidutswa ka nthawi kaja. Muchite chimodzimodzi ndi y, malo ake chokwera ndi chotsika. Kulakwitsa sikutheratu, koma kumangosewera cha pomwepo osaunjikana, ndiye pulaneti imakhala pa njira yake ngakhale gemu itayenda usiku wonse. Pa intaneti muzifufuza kuti semi-implicit Euler. Ena akuuzani za Runge-Kutta, njira ina yolondola kwambiri koma ya masamu ambiri. Kwa ine, pa kagemu ngati kanu n'kuphera nyerere ndi nkhwangwa.

Muonenso liwiro loyambira. Kuti pulaneti izungulire bwino, ilozetseni m'mbali, osati kudzuwa, ndipo liwiro likhale Math.sqrt(G * M / r), pomwe G ndi nambala ya mphamvu yokoka, M ndi kulemera kwa dzuwa, r ndi mtunda wochokera kudzuwa. Likachepa, njira imakhala yonga dzira n'kudutsa pafupi ndi dzuwa. Likapitirira nambala imeneyo nthawi 1.41, pulaneti yapita, sibweranso, ndipo pamenepo code siinalakwe, chilengedwe chimaterodi. Dziko lathu limayenda makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni kuchokera kudzuwa. Koma musavutike ndi manambala enieniwo. Ikani G kukhala 1, dzuwa mulipatse kulemera kumene kukukomerani m'maso.

Ine zinandigwirapo zina. Ndinapangira mphwanga kagemu kotere ku shopu kuno ku Fordsburg, iye n'kuponya pulaneti pakati penipeni pa dzuwa. Inangoti zii, osaonekanso. Ndinakhala madzulo onse ndikufufuza, magetsi n'kuzima, batire ya laputopu ikulira. Kumeneko mtunda unafika 0, kompyuta n'kugawa ndi 0, x n'kusanduka NaN, kutanthauza kuti si nambalanso. Muziwonjezera kanambala kakang'ono pa r * r musanagawe, basi.

Kutenthako sindikuganiza kuti ndi masamu. Zinthu zinayi, dzuwa ndi mapulaneti atatu, zimakokana m'magulu awiriawiri 6 okha. Zikanakhala 100, maguluwo akanakwana 4,950, apo tikanakambirana. Ndikukayikira kujambula: ngati munaika shadowBlur kuti dzuwa liziwala, kapena michira yaitali kumbuyo kwa mapulaneti, zichotseni kaye muone kusintha.

Foniyo mubwere nayo pokhapokha ngati ikutentha gemu ili yotseka, kapena chivundikiro chakumbuyo chayamba kutukuka. Zikatero ndi batire, ndipo musaigoneke pa chaja.