Njira yopita ku socket ikapitirira mabaiti 108

Mayi ena a ku Luchenza, amene akulemba pulogalamu yosunga makilogalamu a tiyi wa alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo, anditumizira imelo. Akuti pulogalamu yawo ikukana kulumikizana ndi socket ya Unix (khomo lolumikizirana mapulogalamu a pa kompyuta imodzi) imene ili mkatikati mwa mafoda, ndipo akufunsa ngati angaitchule kuyambira pa foda imene atsegula kale, monga imachitira openat ndi mafayilo.

Mayi, vuto lagona pa sun_path, malo a mu sockaddr_un osungiramo dzina la socket. Malowa amalandira mabaiti 108 pa Linux ndi 104 pa macOS ndi FreeBSD, pamene njira ya fayilo wamba pa Linux imafika mabaiti 4096. Pamene openat, mkdirat ndi unlinkat zinkalowa mu Linux 2.6.16 m'chaka cha 2006, connect ndi bind, zolumikizira ku socket ndi kuipatsa dzina, zinasiyidwa mmene zinalili. FreeBSD 10.0 inabweretsa connectat ndi bindat mu 2014, koma Linux ilibe.

Ambiri amathamangira fchdir, kulowa mufodamo, kulumikiza ndi dzina lalifupi, kenako n'kubwerera. Zimatheka ndithu, koma sindikukulimbikitsani, chifukwa foda imene pulogalamu yaimapo ndi imodzi kwa ma thread onse (tizigawo ta pulogalamu togwira ntchito nthawi imodzi), moti pa kamphindi kameneko thread ina ikhoza kulemba makilogalamu a mlimi mufoda yolakwika. Cholakwika chotere sichioneka mukamayesa muli chete mu ofesi. Chimadzatulukira m'miyezi ya mvula, tiyi akuthyoledwa wambiri ndipo masikelo onse akutumiza manambala nthawi imodzi.

Njira imene ndimaikhulupirira pa Linux ndi yodzera mu /proc, foda yapadera imene kernel, mtima wa Linux, imaonetseramo za mapulogalamu amene akuyenda. Tsegulani fodayo ndi O_PATH ndi O_DIRECTORY, ndipo ngati nambala imene mwapatsidwa ndi 7, lembani /proc/self/fd/7/tiyi.sock mu sun_path. Kernel imalondola fodayo kudzera pa nambalayo, kaya njira yake yeniyeni ndi yaitali motani, ngakhalenso wina ataisintha dzina mutaitsegula kale. Mukamalemba dzinali ndi snprintf, onani nambala imene yabweza, kuopa kuti dzina ladulidwa mwakachetechete. Dziwaninso kuti mukagwiritsa ntchito njirayi pa bind, getsockname idzakubwezerani dzina la /proc lija, limene mapulogalamu ena sangapindule nalo.

Kumene /proc kulibe, monga mu chroot (kutsekera pulogalamu mufoda imodzi) yosakonzedwa bwino, yambitsani thread yapadera, iitane unshare ndi CLONE_FS kuti ikhale ndi foda yakeyake, kenako ichite fchdir ndi connect popanda kusokoneza zinzake.

Mwina wina akuuzani za abstract socket, imene dzina lake limayamba ndi baiti ya ziro ndipo siioneka mufoda iliyonse. Pa pulogalamu yokhudza malipiro a alimi ipeweni, chifukwa zilolezo za mafayilo sizigwirapo ntchito, ndipo mungafunike kufufuza nokha amene walumikizana nanu pogwiritsa ntchito SO_PEERCRED.